Tsiku Limene Ndinafika pa Nsipe Pamodzi ndi Ng'ombe

Mukadzadutsa pa Nsipe n'kumva amayi ogulitsa tomato akufuula kuti "a Nang'ombe afika!", musadzavutike kufunsa kuti akunena ndani. Akunena ine. Dzinali si chiwongo cha kwathu ayi. Ndinalitola ndekha pamsewu, dzuwa lili paliwombo, msika wonse ukuona. Nkhaniyi aliyense amaikamba mmene akufunira (ena afika ponena kuti ndinabwera nditakwera pamsana pa nkhunzi, nditagwira nyanga ngati njinga yamoto), ndiye ndati kuli bwino ndiikambe ndekha mwini wake, manyazi athere pomwepo.

Amuna anga, a Ngozo, ndi dalaivala wa lole yonyamula ziweto. Timakhala ku Tsangano, kumtunda kozizira kuja. Lole si yawo, ndi ya bwana wina wa pa boma, ndipo ntchito yawo n'kutenga ng'ombe zimene a mabutchala agula m'midzi n'kukazitula ku Blantyre. Madalaivala anzawo a kwathu kuno amanyamula mbatata ya kachewere ndi kabichi. Amenewo akafika pakhomo amangomveka kafungo ka dothi, akazi awo n'kuwalandira ndi manja awiri. Anga akafika, agalu a m'mudzi wonse amawaperekeza mpaka pakhonde.

Ndiye kuyambira kalekale nyimbo yanga inali imodzi.

"Abambo a Tiya, bwanji osapempha lole ya kachewere? Kachewere saponda munthu. Kachewere sachita ndowe."

Iwo ankangoseka uku akuvulira nsapato panja. "Kachewere salankhula, amake Tiya. Ndingasungulumwe pamsewu."

Ndinkaona kuti akungondizemba ndi nthabwala. Chaka china bwana wawo anawauza kuti atenge lole yatsopano yonyamula simenti, iwo n'kukana. Tsiku limenelo anadya mkute.

Tiya amene ndikumutchulayu ndi Tiyanjane, mwana wathu wamkazi, amene anakwatiwa ku Nsipe ndi mnyamata wina kalipentala. Nthawi imeneyo anali woyembekezera, mimba yake yoyamba. Mafoni a m'manja anali asanachuluke, moti mauthenga athu ankafikira kwa bambo wina wa golosale pafupi nafe. M'mawa wina ndikusesa pabwalo, ndinangoona bamboyo akubwera chothamanga.

"Aimba a ku Nsipe. Akuti Tiya matenda ayamba, ali kuchipatala, mupite msanga."

"Ali bwanji? Anena kuti ali bwanji?"

"Foni inaduka, mayi. Ndayesa kuimbanso, sikulowa."

Tsache ndinalitaya pomwepo. Amene munaberekapo mukudziwa mmene mawu oti "msanga" amalasira m'mimba. Galimoto za matola zinali zitapita kale mbandakucha, ndipo yotsatira sinkadziwika kuti ibwera liti. Imene inalipo ndi lole ya a Ngozo, atapakira kale ng'ombe, akungoti anyamuke. Zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanaikwerepo. Ndinkachita kulumbira kuti lole imeneyo idzandinyamula ndikadzafa.

Ngakhale mtima unali m'mwamba, kuvala ndinavala. Ndinadziwa kuti kuchipatala ndikapeza asewere, amake a mkamwini wathu, mayi a ku Kandeu amene ngakhale popita kudimba amatchena ngati akukaimira ukwati. Ndinatulutsa chitenje chatsopano, bulauzi yoyera, mpango wa kumutu, nsapato za kutchalitchi, n'kudzola mafuta onunkhira. Kenako ndinamanga mtolo wa mwana: matewera, tizovala, sopo, ufa wa phala, ndi shawelo yoyera imene ndinaluka ndekha nyengo yonse yachisanu.

A Ngozo anati mtolowo ndiuike pamiyendo, kutsogolo. Ndinanunkhiza mpando, n'kupukusa mutu.

"Mdzukulu wanga asayambe moyo ndi fungo la khola. Kaumangeni pamwamba, pamene pakupita mphepo."

Anakwera osatsutsa, n'kuumangirira pazitsulo za pamwamba, kuseri kwa mutu wa lole. (Musaiwale: amene anasankha malo amenewo ndine.)

Tinanyamuka. Kapena ndinene kuti tinayamba kukwawa. Msewu wotsika kuchokera ku Tsangano unali wafumbi, wokhotakhota, wamiyala, koma ngakhale posalala a Ngozo ankayendetsa ngati anyamula mazira a eni. Kona isanaoneke n'komwe, iwo anali atayamba kale kuchepetsa liwiro. Bambo wina wa njinga yakapalasa, atamanga dengu la nkhuku kumbuyo, anatipitirira n'kutipatsa moni. Patsogolo tinamupeza akupopa tayala. Posakhalitsa anatipitiriranso, n'kutipatsanso moni, nkhuku zake zikutiyang'ana mwachisoni.

"Abambo a Tiya, pondani moto."

"Tikuyenda, amake Tiya."

"Uku ndi kuyenda? Galimoto ya maliro imene imathamanga kuposa apa."

"Musatchule maliro lero," anatero motsitsa mawu.

Apo ananena zoona. Koma pasanapite nthawi anaima pakati pa phiri, n'kutsika kukaona zingwe. Atabwerera ndinalephera kupirira.

"Ng'ombe zimenezi zikupita kokaphedwa. Mawa lomweli zikhala zitapachikidwa m'butchala. Mukuzinyengerera chiyani?"

"N'chifukwa chake," anatero akuliza injini. "Ulendo wake ndi womwewu, wina kulibe. Usakhale wowawa."

Yankho limenelo lero ndimaliona labwino. Tsiku limenelo ndinangotsonya n'kuyang'ana kunja.

Titafika pamphambano, pamene msewu wa ku Tsangano umakumana ndi tala, ndinapumira m'mwamba kuti tsopano tithamanga. A Ngozo anapatutsa lole, kuzimitsa injini, n'kutsika ndi kachitsulo kawo kogogodera matayala. Apa ndiye ndinaphulika. Ndinatsika, n'kuwalondola mpaka kumbuyo, ogulitsa kabichi onse atatchera makutu.

"Mwana wanu ali pakati pa moyo ndi imfa, inu muli kalikiliki ndi ng'ombe za eni! Khalani nazo ng'ombe zanuzo. Ine ndikukwera minibasi."

Ndinkayembekeza kuti andinyengerera. Iwo anangoweramuka, n'kundiyang'ana ndi maso ofatsa.

"Kwerani, amake Tiya. Mwina n'kwabwino, mukafika msanga. Ine ndikupezani."

Palibe chinthu chopsetsa mtima ngati mwamuna wokuvomereza pamene iwe ukufuna mkangano. Ndinatembenuka, nsapato za kutchalitchi zikulira pa tala, ulendo ku minibasi imene inkaitanira za ku Balaka. Phazi limodzi litalowa kale mkati, ndinakumbukira mtolo.

Munthu wanzeru akanabwerera n'kunena kuti, "Abambo a Tiya, nditsitsireni katundu." Koma munthu amene wangotsanzika mwaukali anthu akuona sabwerera kukapempha thandizo. Ndinauza kondakitala kuti andidikire pang'ono, n'kuzembera mbali ina ya lole. A Ngozo anali atanjuta mbali inayo, akulimbana ndi tayala la kumbuyo. Ndinakwinya chitenje, phazi pa tayala la kutsogolo, dzanja pachitsulo, n'kuyamba kukwera, mayi wa thupi langali.

Pamwamba ndinafika ndithu. Koma mfundo yomanga munthu wozolowera kumanga nkhunzi si yomasula ndi zala zodzola mafuta. Ndinatokosa, ndinakanda, osatheka. Ndinaponya mwendo umodzi mkati kuti ndikhazikike bwino pachitsulo, n'kuigwira mfundoyo ndi mano. Ndinakoka kamodzi, zii. Ndinakokanso ndi mphamvu zonse za mkwiyo wanga. Mfundo inamasuka mwadzidzidzi, ndipo ine ndi mtolo tinapita limodzi. Osati kunja. Mkati.

Ndinafikira pansi kuti khu! Mwayi wake, pakona pamenepo m'pamene a Ngozo amaika zigubu za madzi, ndipo pansi pa lole yonse amathira mchenga ndi udzu kuti ng'ombe zisamaterereke. Udzu umenewo ndi umene unapulumutsa msana wanga. Koma mpweya unandithawa. Ndinatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Ndili chomwecho ndinamva minibasi ikuliza hutala, kondakitala akuti, "Tiyeni, asintha maganizo amenewo!" Inanyamuka. Kenako ndinamva mawu a amuna anga, akulankhula okha: "Ayende bwino." Chitseko chinatsekedwa. Injini inalira.

Mawu atabwerera ndinakuwa. "A Ngozo! A Ngozo inu!" Ng'ombe ina inayankha, inzake n'kuvomereza, mawu anga n'kumira pakati pa kwaya imeneyo. Ndinamenya ndi chidendene chitsulo chotchinga mutu wa lole. Liwiro linatsika pang'ono, ndipo ndinamva a Ngozo akufuula pawindo:

"Fatsani, atsikana! Tafika pa tala tsopano, zovuta zatha."

Ndikufotokozereni mmene mkatimo munalili. Ng'ombe amazimanga nyanga kuzitsulo za m'mbali, iyi kuyang'ana uku, inzake kuyang'ana uko. Yoyandikana nane inali yofiira, yaikazi, yonenepa bwino, itatseka njira yonse ndi mimba yake. Choncho malo oti ndisankhe anali awiri okha: kumutu kwake kapena kumchira.

Ndinayamba ndi kumutu. Inandiyang'ana ndi maso akuluakulu, n'kundinunkhiza. Mafuta anga onunkhira aja inawakonda kuposa mmene anawakondera munthu wina aliyense. Inanditulutsira lilime, lokhakhala ngati chisa chotsukira miphika, n'kundinyambita kuchokera pachibwano mpaka pachipumi. Ndikuti ndipukute kumaso, inagwira nsonga ya mpango wanga n'kuyamba kuutafuna mwaulemu, pang'onopang'ono, mpaka mutu wanga unatsala pamtunda. Kenako mphuno yake inapeza ufa wa phala uja mumtolo. Apo ndiye ndinati ayi, mpango idye, koma za mdzukulu wanga isakhudze. Ndinasamukira kumchira.

Kumchira poyamba kunaoneka kwamtendere. Unkangondikwapula kumaso mwa apo ndi apo, ine n'kumati bola. Koma amene munakula ndi ng'ombe mukudziwa tanthauzo lake mchira ukayamba kukwera m'mwamba. Ndinaona ukukwera. Pothawira panalibe. Chimene ndinakwanitsa n'kunyamula mtolo n'kuusenza pamutu, manja onse awiri atagwira. Zotsalazo inalandira ndi bulauzi yoyera, chitenje chatsopano, ndi nsapato za kutchalitchi. Zinali zofunda, ndingonena zokhazo.

Kuyambira pamenepo ndinayenda choimirira, msana utatsamira zigubu, manja ali m'mwamba. Ndipo apa mpamene mantha enieni anandigwira. Ndinaona kuti a Ngozo akangoponda buleki mwamphamvu, ng'ombe zonsezo zitsetserekera kutsogolo, yofiirayo n'kundipanikiza kuchitsulo ngati phwetekere. Ndinatseka maso, n'kumadikira. Buleki imeneyo sinabwere. Akafuna kuchepetsa liwiro, lole inkayamba yachita ngati ikukuchenjeza, ng'ombe n'kusuntha ziboda, kukhazikika, kenako liwiro n'kutsika. Pakona inkapendekeka mofatsa moti ine wopanda pogwira sindinagwe. Kuyendetsa komwe kuja kumene ndinkakutukwana ndili pampando, kumbuyo kuno ndinkakuthokoza ndi mtima wonse.

Pa boma tinachedwa ndi mahampu, ndipo anthu anali pafupi moti ndikanakuwa akanandimva. Ndinasuzumira pampata wa zitsulo, kukamwa nditatsegula kale. Maso anga anagwera pa mayi wina wa kwaya ya kutchalitchi kwathu, ataima m'mbali mwa msewu ndi thumba la shuga, mayi woti nkhani ikalowa m'khutu mwake m'mawa, masana yafika ku Mozambique. Ndinatseka pakamwa, n'kubisala kuseri kwa ng'ombe. (Ndikudziwa. Manyazi ndi chinthu chopusa, koma akagwira amagwira.)

Titapitirira boma, pamalo opanda nyumba, lole inapatuka n'kuima pamthunzi. Ndinati basi, mwayi wanga ndi uwu, palibe wondiona. Ndinamva a Ngozo akutsika mofulumira n'kupita kumbuyo kwenikweni. Ng'ombe ina inali itagwada, ndipo sindikudziwa kuti anaimva bwanji ali kutsogolo.

"Dzuka, mayi, dzuka," ankatero akukoka chingwe. "Ukagona anzako akuponda. Eya. Choncho."

Ndinakonza kukhosi kuti ndiitane. Koma ndisanatero, ndinamva dzina langa.

"Mwawamva amake Tiya mmene anandikalipira pamphambano paja?"

Nanga munthu akumva kuti akumujeda angadule nkhani? Ndinakhala duu, kuti ndimve zimene mwamunayu amauza ng'ombe za ine.

"Musawaone choncho. Si ukali umene uja, ndi mantha. Woyamba wathu uja sanalire, ndipo ine kunalibe, ndinali ku ulendo. Anali okhaokha. Ndiye lero akamva kuti msanga..." Anasiyira pomwepo. Ndinamva akumina. "Nanenso mwendowu ukufuna kuponda mpaka pansi. Koma ndikatero muthyoka miyendo inu, ndiye ndakonza chiyani? Bola minibasi ija ifike bwino. Tiya akawaona amake, alimba mtima."

Tiya asanabadwe tinali ndi mwana wina, wamwamuna, amene sanakhale nafe ngakhale tsiku. Chichokereni nthawi imeneyo sitinamutchulepo m'nyumba mwathu. Ine ndinkaganiza kuti a Ngozo anaiwala, poti amuna mitima yawo siioneka. Misozi inatsika n'kumasakanikirana ndi malovu a ng'ombe, ine wopanda dzanja lopukutira. Mmene ndinkati ndipeze mawu, chitseko chinali chitatsekedwa, lole ikubwerera pa tala.

Pa Nsipe anaima pafupi ndi msika, pamene amatsikira anthu opita kuchipatala. Anali atakumbukira m'njira kuti ndaiwala mtolo, ndiye anati ausiye asanapitirire. Panja ndinamva mawu amene ndinkawaopa, a amake a mkamwini wathu, akulonjera a Ngozo.

"Mwafika, asewere? Nanga anzathu ali kuti?"

"Sanafike? Anakwera minibasi pamphambano, kalekale."

"Minibasi zadutsa zambiri. Ife tili pano chiimire."

Kenako ndinamva a Ngozo akukwera zitsulo mofulumira, akupuma mwabefu. Anafika pamwamba, anapeza chingwe chokha chikulendewera.

"Mtolonso wagwa," anatero ndi mawu osweka. Atatero anayang'ana pansi.

Anandiuza pambuyo pake kuti chimene anaona ndi mtolo ukuyandama wokha pakati pa ng'ombe, manja awiri ataugwirira kunsi, ndipo anatsala pang'ono kudumpha n'kuthawa. Ine ndinasuzumira kunsi kwa mtolowo. Tinayang'anana.

"Amake Tiya?"

"Landirani katunduyu. Manja afa."

Analandira mtolo n'kuupereka pansi kwa asewere. Kenako anatsikira mkati, anakankha ng'ombe yofiira ndi phewa akuipepesa, n'kundiuza kuti ndiponde pa chigubu, kenako pa bondo lawo. Anandikankha kumbuyo ngati thumba la feteleza mpaka ndinatulukira pamwamba. Nsapato imodzi inatsala m'ndowe.

Nditatulutsa mutu, msika wonse unati zii. Ogulitsa tomato, anyamata a njinga, ana a sukulu, onse maso ali m'mwamba. Mutu wopanda mpango, tsitsi lili ndi udzu, bulauzi yosadziwikanso mtundu. Pansi panaima asewere, atatchena monga mwa masiku onse, atafungatira mtolo, kukamwa kuli yasa. Pambali pawo panali mkamwini wathu. Mwana wolereka bwino ameneyo, atangondizindikira, anatembenuka n'kunjuta, maso ali pansi, kuti asaone apongozi ake ali chonchi.

Kwathu kuno mkamwini sitilankhula naye mofuula, makamaka pagulu. Koma ine zonsezo ndinaziiwala. Ndili pamwamba pa lole, mwendo wina mkati wina kunja, ndinakuwa:

"Tiya ali bwanji?"

Mkamwini anayankha akuyang'anabe pansi, akuomba m'manja pang'onopang'ono.

"Wachira, amayi. Mwana wamkazi. Onse ali bwino."

Sindikudziwa kuti mphamvu zinachokera kuti. Ndinaimba nthungululu pomwepo, pamwamba pa zitsulo, yaitali yoti inamveka mpaka kuseri kwa msika. Amayi a tomato aja, amene anali atayamba kale kuseka, anailandira nthungululuyo n'kuipitiriza. Ng'ombe nazo zinalowerera. A Ngozo anali akadali mkati, ndipo nditayang'ana pansi ndinawaona atagoneka chipumi pamsana pa ng'ombe yofiira ija, mapewa akugwedezeka.

Nditatsika, ndinkayembekeza kuti asewere abwerera m'mbuyo atagwira mphuno. Iwo anandigwira dzanja, lomwe lija la ndowe, n'kundikokera kuseri kwa sitolo ina. Mwini sitoloyo, mayi wa Chisilamu amene sindinkamudziwa n'komwe, anatulutsa ndowa ya madzi, sopo ndi patapata, osafunsa funso ngakhale limodzi. Asewere anavula chitenje chawo chapamwamba n'kunditchingira nacho ndikusamba, kenako anandiveka chomwecho.

"Asewere," anatero akundimanga mpango wawo, "mtolowu ndauona. Ulibe ndi kadontho komwe. Inu ndinu mayi."

Atatero anaphulika kuseka mpaka anakhala pansi pafumbi, kutchena konse kuja osakulabadira. Chibale chathu chenicheni chinayamba tsiku limenelo.

Mdzukulu wanga ndinamunyamula ali mu shawelo yoyera ija. Tiya anandinunkhiza n'kunena ndi mawu otopa kuti, "Amayi, mukumveka ngati ababa." Sindinakwiye.

A Ngozo anapitirira ndi ng'ombe zawo. Mawa lake masana anabwerera lole ili yopanda kanthu, ndipo tinakhala awiri pakhonde la nyumba ya Tiya. Ndinawauza kuti zimene ankalankhula pamthunzi paja ndinazimva.

"Zonse?"

"Zonse. Kani mumandijeda kwa ng'ombe?"

Anakanda m'mutu, manyazi atawagwira ngati mnyamata. Tinakamba za mwana wathu uja, koyamba, ndipo zimenezo ndisunga ndekha. Kenako ndinawauza za buleki, mmene ndinkaidikirira koma osabwera. Anayang'ana lole yawo, n'kuyamba kufotokoza.

"Ndisanakudziweni, ndili kumafamu a fodya ku Halale, ankatisamutsa pa lole kuchoka famu ina kupita ina. Choimirira, titathithikana, dzuwa lonse, madzi osamwa. Dalaivala ankaponda buleki dala kuti atimve tikukuwa, iye n'kumaseka kutsogolo. Panali mkulu wina wa ku Kandeu amene ankandisunga ngati mwana wake. Tsiku lina anagwa, ife tonse n'kumugwera pamwamba. Ndinamenya chitsulo mpaka chikhatho chinatupa. Lole sinaime. Mkulu uja sanayendenso chowongoka."

Anapukuta kumaso ndi chipewa.

"Nditaphunzira chiwongolero ndinati ndizinyamula zimene sizingathe kudandaula. Wokwera basi amatha kukalipira dalaivala. Ng'ombe ikamva kuwawa iuza ndani? Pamafunika kuti kutsogolo kukhale munthu amene anaimapo kumbuyo." Mawu awo anayamba kunjenjemera. "Ndiye dzulo inu munamenya chitsulo, ine osaima."

Ndinaona kuti mwamunayu zamupweteka zenizeni. Ndinawagwira pabondo.

"Munati fatsani atsikana. Papita zaka zingati musananditchule mtsikana? Ine ndinakondwa."

Anaseka, misozi ili m'maso, mpaka Tiya anafuula m'nyumba kuti tidzutsa mwana.

Mukandifunsa chimene ndinaphunzirapo, ndikudziwa mwambi umene mukufuna ndinene, ndipo sindiunena. Chimene ndinaphunzira ine n'chakuti ukafuna kunyanyala, yamba watenga katundu wako. Mtima wapachala sunandichoke. Ndimakalipabe, a Ngozo amavomerabe, ine n'kupsa mtima kawiri.

Koma mwezi wathawu ndinakwera nawo popita kukaona mdzukulu, amene tsopano akuthamanga yekha. Ndinakhala kutsogolo ngati munthu. Tikuyandikira boma, a Ngozo anatengeka ndi nkhani, hampu ina n'kuikwera mwachangu pang'ono, kumbuyo kunamveka ziboda gudugudu. Ndisanaganize n'komwe, ndinali nditawamenya kale padzanja.

"Pang'onopang'ono, abambo a Tiya! Kumbuyoku kuli anthu."